Chipinda cha lendi ku Joni: yankho kwa mphwanga wa ku Namwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Namwera. Akuti ndi telala, msuweni wake wamupezera malo pa shopu ina yosoka ku Fordsburg, ndipo akunyamuka ikangotha Eid. Mafunso ake ndi awiri. Pa gulu lina la Facebook waona chipinda chooneka bwino ku Mayfair, koma mwini wake akuti atumiziretu dipoziti kuti asachipereke kwa wina: atumize kodi? Komanso wamva kuti anthu akugula motchipa nyumba za RDP, zija boma la South Africa limamangira anthu osauka, ndiye akuganiza kuti akakhazikika adzagule yake m'malo momangotaya ndalama pa lendi.

Mphwanga, ndalamayo musatumize. Chipinda chimene simunalowemo ndi mapazi anu si chipinda, ndi chithunzi chabe, ndipo zithunzi munthu amatola paliponse. Ine zinandionekera ndili komweko, maso ali gwa. Chaka changa choyamba bambo wina anandionetsa chipinda kuseri kwa nyumba ina ku Turffontein. Makiyi anali nawo, anatsegula, anandionetsa mpopi ndi chingwe choyanikapo zovala, mpaka anandiuza tsiku lotulutsa bini. Ndinapereka dipoziti pamanja, lisiti ayi, tinangogwirana chanza. Pa 1 ndikufika ndi chikwama ndi kamatiresi kanga kopinda pamutu, ndinapeza mayi wina akukolopa m'chipindamo. Ndiye anali mwini nyumba weniweni. Bambo uja anali walendi mnzanga amene ankasamuka, ndipo tinalipo atatu amene tinamulipira chipinda chomwecho. Mayiyo anangondipatsa madzi akumwa n'kundiuza kuti chipindacho analonjeza kale mwana wa mchemwali wake.

Ndiye masabata oyamba pirirani kwa msuweni wanuyo, ngakhale kukhale kugona pansi mothithikana. Mlendo ndi mame, inde, koma mame a masabata atatu sapha munthu. Muziponyako ya ndiwo ndi ya magetsi osadikira kuuzidwa, ndipo Lamlungu lililonse muzituluka kukafunafuna. Zipinda zabwino zambiri sizifika n'komwe pa intaneti. Zimamveka pa mzikiti ikatha Jumu'ah, ku tchalitchi, kapena pa timapepala tomata pakhoma la shopu. Mayfair ndi Fordsburg zili moyandikana, mizikiti ndi mabutchala a halaal ali ponseponse, n'chifukwa chake anyamata ambiri a kwathu kuno amakonda kumeneko.

Nkhani ya mtunda musaipeputse. Tiyerekeze mwapeza chipinda chotchipa ndi R500 ku Diepsloot kapena ku Tembisa, koma kuti mufike ku ntchito mukwere mataxi awiri, iliyonse R20. Kupita ndi kubwera ndi R80 pa tsiku, masiku 26 ndi R2,080. Kutchipa kuja kwapita kuti? Kuwonjezera apo mukudzuka 4 koloko m'mawa mu June, kuzizira kwa Joni kumene munthu wokulira m'mphepete mwa nyanja sanakulotepo.

Mukapeza chipinda, kachioneni kawiri, masana ndi madzulo. Masana aliyense amakhala ali ku ntchito, pamalo pali zii. Madzulo ndi pamene mumawerenga kuti chimbudzi chimodzicho chikutumikira anthu angati. Tsegulani mpopi nokha. Funsani ngati mita ya magetsi ndi yanuyanu kapena mukugawana mayunitsi ndi zipinda zina, chifukwa ndewu zambiri za kuseri kwa nyumba zimayambira pa ketulo ndi hita. Funsani aneba kuti lendi amapereka kwa ndani. Mwini malo kumeneko amamutcha mastandi, ndipo ndalama yanu ipite m'manja mwa ameneyo basi. Kenaka imani pakati pa chipindacho mudzifunse kuti moto utabuka usiku mungatulukire pati.

Funso limeneli sindikulifunsa mocheza. Usiku wa pa 31 August 2023 nyumba yosanjikizana ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa Johannesburg, inapsa ndipo anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Inali imodzi mwa nyumba zimene zigawenga zimalanda n'kumatolera lendi ngati zawo. M'kati anali atagawamo tizipinda ndi matabwa ndi makatoni, magetsi olumikiza mozemba, njira zotulukira zotchingidwa. Nyumba zoterezi zilipobe m'tauni, ndipo lendi yake imakopa munthu wongofika kumene. Mukaona zingwe za magetsi zikulendewera m'masitepe, madzi akutungidwa m'zigubu, ndipo wotolera ndalama ndi mnyamata wokhala pageti, bwererani. Ndiponso nthawi yozizira mbaula musagone nayo m'chipinda chotseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Tsopano mapepala, pakuti ndi amene amasankha chipinda chanu kuposa thumba lanu. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani ku South Africa kwa masiku 30 ngati mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Makampani ochititsa lendi mafulati amafuna pemiti, pepala la malipiro ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi ingapo. Si nkhanza zawo zokha: lamulo lawo la Immigration Act la 2002 limaletsa kuchititsa lendi kapena kugulitsa nyumba kwa munthu amene ali m'dzikomo popanda chilolezo. Ndipo mukapyola masiku anu, potuluka pa Beitbridge amakudindani kuti musabwerenso, chaka chimodzi ngati mwapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati mwapitirira apo. Za ku Lindela, ku Krugersdorp kuja kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, funsani aliyense amene anatsika basi pa boma pano pa Mangochi atangonyamula jumbo. Choncho musananyamuke mufunseni msuweni wanu mosapita m'mbali: bwana wa shopuyo akuti chiyani za pemiti?

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti walendi ali ndi malamulo omuteteza. Rental Housing Act ya 1999 imati mukapempha kuti pangano lilembedwe, mwini nyumba alembe. Ndalama iliyonse mwapereka akupatseni lisiti. Dipoziti aisunge ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo polowa ndi potuluka muyendere limodzi chipindacho kuona zowonongeka. Ngati simunawononge kanthu, dipoziti ibwere pasanathe masiku 7 pangano litatha. Ngati pali zokonza, yotsalayo ibwere pasanathe masiku 14 mutabweza chipindacho kwa mwini wake. Akakana, chigawo chilichonse chili ndi Rental Housing Tribunal, kumene kudandaula n'kwaulere. Ndipo palibe mastandi amene ali ndi mphamvu yokutayirani katundu panja kapena kusintha loko popanda chigamulo cha khothi. Koma tinene zoona, munthu wopanda pemiti amaopa ofesi iliyonse, ndipo mastandi amadziwa zimenezo. Ndiye dzitetezeni nokha: tsiku lolowa jambulani khoma lililonse, galasi long'aluka, loko wogwedera, mutumizire mwini nyumba pa WhatsApp tsiku lomwelo. Lendi iliyonse isiye chizindikiro, ngakhale kauthenga koti ndalandira.

M'chipinda cha lendi musaunjikemo chuma. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra, anthu 62 anafa. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu, ambiri a konkuno ku Mangochi. Amene anali ndi mafiriji ndi masofa anawasiya momwemo. Pasipoti muijambule, chithunzicho chikhalenso ndi munthu wina kuno kumudzi, ndipo ndalama izibwera msanga pa Mukuru kapena njira ina yodalirika m'malo mogona pansi pa matiresi.

Za RDP zija, mtima pansi. Nyumba zimenezo boma la South Africa limamangira nzika zake zosauka, ndipo lamulo limaletsa wolandirayo kuigulitsa zisanathe zaka 8 asanayambe waipereka kaye ku boma la chigawo. Zimene anthu amachita n'kupita ku polisi, kulemba afidaviti yoti ndagulitsa, wapolisi n'kudinda. Chidindocho chimangochitira umboni kuti munthuyo analumbira, umwini wa nyumba sichisuntha. Dzina ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa nyumba, limakhalabe la wogulitsa uja, ndipo tsiku limene adzamwalire ana ake adzabwera ndi title deed, chikalata cha umwini, inu muli ndi kapepala ka ku polisi. Mukuganiza kuti khothi lidzamvera ndani?

Kugula nyumba mwalamulo n'kotheka ndithu kwa mlendo amene mapepala ake ali bwino. Zimadzera kwa loya wosamutsa umwini, amene kumeneko amamutcha conveyancer, ndipo nyumba imakhala yanu pokhapokha dzina lanu litalembedwa ku Deeds Office. Kwa munthu amene si wokhazikika m'dzikomo, mabanki kawirikawiri amangokongoza theka la mtengo, theka linalo mupeze nokha. Kwa dokotala kapena mphunzitsi wa ku yunivesite amene ana ake akuphunzira komweko, n'zomveka. Kwa telala wongoyamba kumene, ine ndikuti ayi.

Agogo athu a nthawi ya Theba, bungwe lija lolemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, ankagona m'makomboni a m'migodi, mabedi a simenti osanjikizana, koma pobwera ankabwera ndi njinga, wailesi ndi ndalama ya malata. Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70, komabe njira ya ku Joni sinamere udzu. Yendani lero kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi kukwera ku Namwera mpaka ku Chiponde, muwerenge nyumba za malata a mitundumitundu. Zambiri ndi thukuta la m'zipinda za kuseri ku Joni, Durban ndi Cape Town. Imeneyo ndiyo nyumba yoti muziilota.

Komatu nakonso kuno kuli minga. Mnzanga wina anatumiza ndalama zaka zitatu kwa m'bale wake, zithunzi zikubwera bwinobwino, maziko, pa windo, lintala. Atafika anapeza njerwa zowotcha zitamera udzu, zithunzi zija zinali za nyumba ya munthu wina kutsidya kwa msewu. Tumizani pang'onopang'ono, gawo lililonse likatha muimbe vidiyo mmisiri ataima pakhomopo, ndipo wogula simenti asakhale yemweyo wosunga ndalama. Malowo pepala lake likhale m'dzina lanu, amfumu ndi mboni atasainira. Simunandiuze ngati muli pabanja. Ngati muli pa chikamwini ndipo mukufuna kumanga kwa akazi anu, khalani pansi ndi ankhoswe a mbali zonse musanagule thumba loyamba la simenti, mumvane kuti nyumbayo ndi ya ndani.

Mukafika pa Park Station, potsikira mabasi ku Joni, msuweni wanuyo akhale ali pomwepo kukudikirani, ndipo nambala yake muilembenso papepala, mafoni amathera moto pa Tete. Mukaona chipinda cha ku Mayfair chija ndi maso anu, mundilembere, ndikufuna ndidziwe ngati chilipodi.