Yankho kwa achimwene a XR150L

Achimwene mwafunsa kuti njinga yamoto yanu ya Honda XR150L muipange bwanji kuti ikhale ndi mphamvu komanso izidzutsa tayala lakutsogolo. Ine ndinganene kuti injini musaigwire kaye, 149cc ndi yochepa basi, ekizozi yaphokoso payokha palibe chomwe ingakupatseni ngati simunasinthenso jeti (kachitsulo ka bowo kodutsira mafuta) mu kabuleta.

Yambani ndi sprocket (gudumu la mano lomwe tcheni chimayendapo), yakutsogoloyo ikani yochepera dzino limodzi, mudzamva njinga ikukoka zedi mu giya 1 koma pa tala liwiro litsika ndithu, ndiye tcheni muchikokenso bwino. Pophunzira kudzutsa tayala khalani chakumbuyo pampando, kilachi muzisiya ndi zala ziwiri, phazi lisachoke pa buleki yakumbuyo chifukwa ndi imene ikutsitseni ikadzuka kwambiri. Chonde yeserani pabwalo lopanda anthu mutavala helimeti.