Chifupikitso, chidule kapena "samale"?

Funso la sabata ino lachokera kwa mphunzitsi wa Sitandade 6 ku Chilomoni. Akuti akawafotokozera ana nthano n'kuwauza kuti ailembe m'mawu ochepa, ena amalemba pamwamba pa tsamba kuti "Chidule", ena "Chifupikitso", ndipo wina adalemba "Samale". Akufunsa kuti liwu loyenera ndi liti, komanso ngati zimene nthano imatilangiza tizizitcha phunziro kapena mwambi.

Aphunzitsi, tiyambe ndi uyo wa "samale". Ine mawu obwereka sindidana nawo. Sukulu, buku, choko, zonsezi tidabwereka chifukwa makolo athu analibe. Koma kufupikitsa nkhani sitidaphunzire kwa Mzungu ayi. Munthu wochokera ku bwalo la milandu kwa amfumu ankalongosola za tsiku lonse madzi akumwa asanamufike m'manja. Lero m'minibasi ya ku Limbe mumva wina akuti "tangosamalayizani", ngati pali chinthu chofuna kuchisamala. Mwana wolemba "Samale" uja mudutsitseni cholembera chofiira.

Pa awiri otsalawo, ine ndili kumbali ya chifupikitso, ndipo ndi liwu lomwe anawo adzakumana nalo pa mayeso a MANEB akadzafika ku sekondale. Koma chifukwa changa chenicheni chili m'tsinde la mawuwo. Tsindelo ndi -fupi. Chinthu chimafupika, munthu n'kuchifupikitsa, ndipo chotulukapo ndi chifupikitso. Munthu wamfupi ali ndi mutu, mimba ndi miyendo, palibe chimene chasowa, kungoti sadatalike. Chidule chimachokera ku kudula, ndipo wodula amatenga chigawo china n'kusiya china. "Mwachidule" ndi Chichewa chabwino ndithu, ndipo inenso ndimatero ndikamayankhula, koma m'kalasi liwuli limasocheretsa. Mwana akamva kuti adule, amadula zenizeni: amakopera ziganizo zitatu zoyamba, n'kuika mpumiro, n'kukweza mkono kuti wamaliza.

Tengani nthano ya Kalulu ndi chitsime. Kope la mwana wodula limati kudagwa chilala, nyama zidapangana zokumba chitsime, Kalulu adakana. Basi. Kamba sadatulukire n'komwe. Wofupikitsa amalemba chonchi: "Kutagwa chilala, nyama zidakumba chitsime koma Kalulu adakana kuthandiza. Zitamuletsa kumwa, iye ankanyenga alonda ndi uchi, n'kuwamanga, n'kumatunga madziwo. Kamba adadzipaka zomata kumsana nabisala m'madzi, ndipo Kalulu adakakamira pamenepo. Nyama zitafuna kumupha, adazipusitsanso nathawa." Ziganizo zinayi, koma chiyambi, vuto ndi mathero zonse zilimo.

Onani zimene zatsala kunja. "Padangokhala" ndi "Tili tonse" palibe. Nyimbo palibe. Mivekero ija ya kuti Kalulu adangoti phava, palibe. Alonda aja, omwe agogo anga ankawatchula mmodzimmodzi, Fisi, Njati, Mkango, aliyense n'kumangidwa ndi bodza lomwelo, alowa m'liwu limodzi loti "alonda". Zimandiwawa kuzitaya, chifukwa kukoma kwa nthano kuli momwemo, ndipo n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti ana ayambe amva nthanoyo ndi pakamwa, avomere "Tili tonse", aimbe nawo nyimbo, mabuku ali otseka. Kenaka wina aifotokozere mnzake amene akuthamangira belu. Cholembera chibwere pomaliza.

Tsopano za phunziro ndi mwambi. Si chinthu chimodzi. Phunziro mwana amalinena m'mawu akeake. Mwambi ndi mawu okhazikika omwe tidawapeza, ndipo sitiwasintha. Nthawi zina mwambi umanyamula phunzirolo bwino lomwe. Pa nthano ina ija ya Fisi yemwe adanunkhiza nyama ku mbali ziwiri pa mphambano, n'kuponda mwendo uku wina uko mpaka kung'ambika, mwana akanena kuti "mapanga awiri avumbwitsa" kapena "ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada", walasa. Koma muzimufunsabe kuti afotokoze m'Chichewa cha masiku onse. Ndaonapo ana oloweza miyambi khumi omwe amaimata pa nthano iliyonse osadziwa kuti mapanga ndi chiyani.

Chondinyansa kwambiri ndi chiganizo ichi: "Nthanoyi ikutiphunzitsa kuti tisamachite zoipa." Chimakwana pa nthano iliyonse, ndiye kuti sichinena kanthu. Afunseni: zoipa ziti? Adachita ndani? Chidamuchitikira n'chiyani?

Ndipo musadabwe mayankho akasiyana. Pa nthano ya chitsime, mabuku ndi aphunzitsi ambiri amathamangira kunena kuti ulesi ndi woipa. Chabwino, koma waulesiyo madzi adamwa, ndipo adapulumuka. Mwana wonena kuti tisamaderere munthu chifukwa cha msinkhu, poti Kamba adatha zomwe zidakanika Mkango, walondola. Wonena kuti alonda adagwa chifukwa cha dyera la uchi, walondolanso, mwinanso kuposa onse. Malinga akuloza malo m'nthanomo pomwe waona zimenezo, mupatseni malikisi ake. Agogo anga, kumapeto, sankatiuza phunziro n'komwe. Ankangoti "kaphuleni mbatata", ife n'kuyankha kuti "yapserera", n'kukakangana tokha pamphasa kuti wolakwa anali ndani.

Pali kanthu kena komwe simudafunse koma mudzakumana nako mukamachonga. Ana a mu Blantyre muno amati "anapita", pomwe mabuku ambiri amati "adapita". Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, linkakonda -da-, ndipo ife amene tidaphunzira nthawi imeneyo tidakwapulidwa nayo mpaka kutilowa m'magazi. Kwa ine nthano ndi ya -da-, poti ndi zakalekale. Komabe mwana wa ku Ndirande wolemba -na- kuyambira koyamba mpaka kumapeto sindingamulande malikisi. Amene ndimamubwezera kope ndi uja wolemba "Kalulu adakana" mu mzere woyamba, "Kamba anabisala" mu wachiwiri.