Funsani Azakhali: Chisanu Choyamba ku Mangalande

Makalata a mwezi uno achokera kwa abale athu amene akukhala ku Britain, ndipo monga mwa nthawi zonse sititchula mayina a olemba.

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndinafika kuno ku Leeds mu Meyi 2025 pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Ana ndinawasiya ndi amayi anga ku Ntcheu. Ntchito yanga ndi yoyenda khomo ndi khomo, kusambitsa okalamba, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala, ndipo ndimatuluka kusanache n'kubwerako usiku. Chiyambireni kuzizira ndikungomva kutopa, m'thupi mukuphwanya, ndipo masiku ena ndimangolira popanda chifukwa chenicheni. Malipiro anga akamveka m'makwacha amaoneka ambiri, koma ndikalipira lendi, magetsi ndi basi pamatsala zochepa, pamene foni yochokera kumudzi siileka kulira: uyu akufuna feteleza, uyu fizi, uyu akuti ndimuyambitsire geni. Nditadandaula kwa achemwali anga anangondiyankha kuti walira mvula walira matope. Abwana anganso akakwiya amandikumbutsa kuti ndi iwo anandibweretsa ndipo akhoza kundibweza. Kodi mutu wanga wasokonekera, kapena ndingolongeza katundu n'kubwerera kwathu?
Mayi wothedwa nzeru, Leeds

Mayi, mutu wanu uli bwinobwino, ndipo zimene mukumvazo zili ndi zifukwa zodziwika. Mu Disembala dzuwa ku Leeds limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa ndipo limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, kotero kuti munthu wogwira ntchito ngati yanu akhoza kutha sabata yathunthu osaliona. Thupi limapanga vitamini D khungu likawombedwa ndi dzuwa, koma dzuwa la kumeneko kuyambira Okutobala mpaka Marichi lilibe mphamvu yokwanira, ndipo khungu lakuda ngati lathu limafuna dzuwa lochuluka kuposa la azungu. N'chifukwa chake a NHS, amene amayendetsa zipatala za boma, amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 a vitaminiyu tsiku lililonse m'miyezi yozizira, ndipo kwa anthu akhungu lakuda amati ndi bwino kumwa chaka chonse. Timapilitsi timeneti timagulidwa m'sitolo popanda kalata ya dokotala.

Komabe musadzipime nokha. Ngati simunalembetse kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, kalembetseni sabata ino, chifukwa kulembetsa n'kwaulere. Mukapatsidwa nthawi yoonana naye, dziwani kuti imakhala yochepa, kawirikawiri mphindi khumi zokha, ndiye lembani papepala zonse zimene zikukuvutani musanalowe, mupemphe kuti akuyezeni magazi, ndipo za kulirazo muzinene mosabisa. Ife tinazolowera kupita kuchipatala malungo akatigwetsa basi, koma kumeneko kukhumudwa kobwera ndi nyengo yamdima ndi matenda amene madokotala amawadziwa ndi kuwathandiza. Usiku mukadwala imbani 111, nambala ya a NHS, ndipo tsiku limene maganizo angakufikitseni pofuna kudzivulaza, a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika maganizo, amayankha pa 116 123 usana ndi usiku mwaulere.

Za abwana anuwo, akunena zoona pang'ono chabe. N'zoona kuti viza yanu inamangidwa pa kampani imene inakuitanani, ndipo ntchito ikatha a Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dzikomo, kawirikawiri amapereka masiku 60 kuti munthu apeze kampani ina kapena achoke m'dzikomo. Chimene sakukuuzani n'chakuti malamulo amakulolani kusintha kampani, bola yatsopanoyo ikhale ndi chilolezo choitana antchito ndipo ikupatseni chikalata chatsopano. Popeza boma linatseka khomo loitana osamalira okalamba kuchokera kunja mu Julayi 2025, makampani ofuna antchito ayenera kuyang'ana kwa inu amene muli kale m'dzikomo. Abwana alibe ufulu wosunga pasipoti yanu, ndipo ayenera kukulipirani malipiro amene analembedwa pa chikalata chokuitanani. Palinso chinthu chimene oyenda khomo ndi khomo ambiri amaberedwa nacho: nthawi imene mumathera panjira pochoka kwa wokalamba mmodzi kupita kwa wina imawerengedwa ngati nthawi ya ntchito powerengetsa malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, amene mu Epulo 2025 anaikidwa pa mapaundi 12.21 pa ola kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo. Gulani kope laling'ono, muzilembamo nthawi imene mwalowa ndi kutuluka pakhomo lililonse, ndipo mwezi ukatha muzifananitsa ndi pepala la malipiro. Mukaona kuti sizikugwirizana, a Citizens Advice ndi a ACAS amapereka uphungu waulere, ndipo bungwe la antchito ngati UNISON limalandira osamalira okalamba. Yambani kufunafuna kampani ina mwakachetechete, mkangano usanabuke.

Nkhani imene ndikuona kuti ikukudyani kwambiri ndi ya ndalama, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Abale anu si anthu oipa. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo munthu wa ku Ntcheu akamva malipiro anu amawachulukitsa m'makwacha osadziwa kuti chipinda chimodzi cha lendi chimameza gawo lalikulu la ndalamazo, ndi kuti kumeneko ngakhale kufunda kumagulidwa. Sadziwa chifukwa palibe anawauza. Ambiri okhala kunja amatumiza kumudzi zithunzi zokhazokha atavala jekete yatsopano ataima pa sinowo, koma satumiza chithunzi cha bilu ya gasi, kenaka amadabwa kuti abale akuwayesa olemera. Khalani pansi mulembe zonse, lendi, gasi ndi magetsi, msonkho wa khonsolo ngati mumalipira nokha, basi, foni ndi chakudya, ndipo muwawerengere amayi anu ndi achemwali anuwo pafoni, mzere ndi mzere, m'makwacha. Mukatero muwauze ndalama imodzi imene muzitumiza mwezi ndi mwezi, kudzera kwa munthu mmodzi, amene mwa kuona kwanga ayenera kukhala amayi anu popeza ndiwo akulera ana. Fizi muzilipira mwachindunji ku akaunti ya sukulu. Kumbukiraninso kuti feteleza amafunika cha mu Okutobala ndi Novembala ndipo fizi ya temu yachiwiri imafunika mu Januwale, nthawi yomweyo imene mabilu a gasi amakwera, choncho ndalama za zimenezi ziyenera kusungidwa m'miyezi yotentha. Wofuna mpamba wa geni adikire, ndipo akakwiya akwiye. Viza yanu sikulolani kulandira thandizo la ndalama la boma, kutanthauza kuti ntchito ikatha mawa palibe adzakulipirireni lendi. Musanathandize wina aliyense kupatula ana ndi amayi anu, sungani ndalama zokwanira lendi ya miyezi iwiri ndi tikiti ya ndege.

Za ana, kuyambira pa 11 Marichi 2024 olowa m'dzikomo pa ntchito imeneyi saloledwa kubwera ndi mabanja awo, ndiye wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akukonzereni mapepala a ana, ameneyo ndi tambwali. Chimene mungathe ndi kukhazikitsa nthawi yolankhula nawo imene sisintha. M'miyezi yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, moti mukaweruka 9 koloko usiku ana anagona kalekale. Sankhani nthawi yopuma masana kapena Lamulungu akabwerako kutchalitchi.

Kubwerera kwanu si chamanyazi, ndipo alipo amene anabwerera n'kukhala bwino. Ndikungokupemphani kuti chiganizo chimenecho musachipange mu Januwale. Dikirani mpaka Meyi, pamene kumada 9 koloko usiku, mutaonana ndi dokotala ndipo mwakonza za ntchito ndi za kumudzi, kenaka mudzifunsenso.

Azakhali, ine ndinatsatira mkazi wanga amene ndi namwino kuno ku Glasgow. Anthu oyandikana nawo nyumba sindikuwamvetsa: tikakumana pamasitepe amangomwetulira n'kudutsa, ndipo tsiku lina nditagogoda kuti ndidzawapatse moni anandifunsa ngati pali vuto. Chachiwiri, mwana wathu wa zaka 9 atachita mwano ndinatenga lamba, koma anandiuza kuti akanena kwa aphunzitsi. Kodi ndiye kuti kuno mwana salangidwa? Ndilinso ndi laisensi ya galimoto ya ku Malawi, kodi ndipitirize kuyendetsera yomweyo?
Bambo wodabwa, Glasgow

Bambo, ndiyamba ndi lamba chifukwa ndi limene lingakugwetsereni m'mavuto aakulu. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira ina iliyonse, ngakhale kambama kamodzi, ndi mlandu kuyambira mu Novembala 2020, ndipo ku Wales lamulo lotere linayamba mu Marichi 2022. Mphunzitsi akamva kwa mwana kuti wamenyedwa, kapena akaona mkwingwirima, sangasunge chinsinsi, amadziwitsa ogwira ntchito yoteteza ana, ndipo nkhani yotere ikhoza kukhudza viza yanu ndi ntchito ya mayi a kunyumba. Mwana wanuyo sananame. Izi sizikutanthauza kuti mwataya ulamuliro pakhomo panu: kumulanda foni kapena tabuleti kwa masiku angapo, kumuletsa kupita kokasewera mpira, kumupatsa ntchito ya pakhomo, zonsezi n'zololedwa, ndipo kwa mwana wa masiku ano kulandidwa foni kumawawa kuposa lamba. Chofunika n'chakuti inu ndi mayi ake mugwirizane chilango chimodzi ndipo mukachinena muchichite. Mumuuzenso modekha kuti mukudziwa lamulolo ndipo mulitsatira, kuti asaligwiritse ntchito ngati chokuopsezerani.

Oyandikana nanuwo sakudana nanu. Kwa iwo kusagogoda pakhomo la munthu popanda kupangana ndiye ulemu, monga mmene kwa ife ulemu ulili kusadutsa munthu osamulonjera. Chibwenzi kumeneko chimayambira pamalo pamene anthu amakumana mobwerezabwereza, monga pageti la sukulu potenga ana, pabwalo la mpira wa ana Loweruka, kapena pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, ndipo chimayamba ndi nkhani ya nyengo, imene kwa iwo siitha. Inu muli ndi mwayi woposa a m'mizinda ina, chifukwa Scotland ndi Malawi ali pa ubale wakale: David Livingstone anabadwira ku Blantyre, katawuni ka pafupi ndi Glasgow, mu 1813, ndipo masukulu ndi mipingo yambiri ili ndi anzawo ku Malawi kudzera m'bungwe la Scotland Malawi Partnership. Mukalowa mu mpingo wa Church of Scotland n'kunena kumene mwachokera, musadabwe kupeza gogo amene amadziwa za Ekwendeni kapena Mulanje.

Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala m'dzikomo. Ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe imasinthidwa popanda mayeso, koma yathu siili pa mndandanda umenewo, ndiye muyenera kutenga laisensi ya ophunzira n'kukhoza mayeso olemba ndi oyendetsa. Lembetsani msanga chifukwa mzere wa mayeso ndi wautali, ndipo musayendetse ngakhale tsiku limodzi popanda inshuwalansi.

Azakhali, malume anga amene anandilera amwalira ku Dedza ndili kuno ku Luton, ndipo anaikidwa ndisanapeze n'komwe tikiti. Mwambo wonse ndinauonera pafoni ndili pa shifiti. Ena kumudzi akuti ndayamba kudzimva. Mtima ukundiwawa, ndichite chiyani?
Mphwake wa malemu, Luton

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Palibe ndege yochoka ku Britain molunjika ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Munthu amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, tikiti yogula lero kuti unyamuke mawa imadula koopsa, ndipo maliro a kumudzi sadikira masiku ambiri. Onena kuti mukudzimva sanawerengere zimenezi, ndipo simuyenera kukangana nawo pa gulu la WhatsApp la banja. Imbirani mwini mbumba kapena wamkulu amene anayendetsa mwambo, mupepese mwa mwambo wake, mutumize chipepeso kwa azakhali anu amasiyewo mwachindunji, ndipo mupemphe kuti tsiku lomanga chiliza lidzakhazikitsidwe mogwirizana ndi tchuthi chanu. Wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 28 a tchuthi cholipidwa pa chaka, ndipo tikiti yogulidwa miyezi ingapo pasadakhale imatsika mtengo.

Kumene muliko musalire nokha m'chipinda. Uzani Amalawi anzanu a ku Luton kapena a kumpingo kwanu kuti mwaferedwa, chifukwa ambiri amasonkhana kunyumba kwa woferedwa Loweruka, kuimba nyimbo za maliro, kuphika nsima ndi kusonkha kangachepe, monga tichitira pasiwa. Ngati simunalowe m'gulu lililonse lothandizana pa maliro, lowani tsopano ndipo muzisonkha ena akaferedwa, popeza magulu omwewa ndi amene amanyamula mtolo wotumiza thupi kumudzi Mmalawi akamwalirira kunja, ntchito imene imadya mapaundi masauzande angapo. Abwana anunso auzeni kuti malumewo ndi amene anakulerani ngati bambo, chifukwa mukangoti malume iwo amaona ngati ndi wachibale wapatali ndipo sangaganize zokupatsani masiku opuma.