Dzanzi lokwera kuchokera kumapazi

Kalata yanu, mayi, ndaiwerenga kawiri. Mwati amuna anu anavulala m'mutu, anachitidwa opaleshoni, ndipo patatha milungu iwiri miyendo yonse yayamba kufooka. Mukufunsa ngati madokotala anadula mtsempha.

Funso limenelo ndinalifunsapo inenso, mokalipa, pakhonde la chipatala china. Achimwene anga anachitidwa opaleshoni yaing'ono ya m'mimba, n'kutuluka akuyenda okha. Tsiku lakhumi anayamba kudandaula kuti mapazi achita dzanzi, ngati mukuyenda nyerere. Ine ndinawaseka. Ndinati ndi ulesi wogona masana, adzuke aziyendayenda. Mawa lake nsapato inawavuka iwo osamva. Mkucha wake masitepe anawakanika, kenako kapu inayamba kuwapulumuka m'manja. Kuseka kuja kumandichititsabe manyazi mpaka lero.

Dokotala atagogoda pabondo ndi kanyundo kaja, mwendo uli zii. Anatenga madzi a mumsana, napeza mapuloteni ochuluka koma maselo oyera ochepa. Dzina la matendawa anati ndi Guillain-Barré. Chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kudya chikuto cha mitsempha yake yomwe, ngati waya wamagetsi wosendeka, moti uthenga wa ku ubongo sufika ku minofu. Ambiri matendawa amawagwira atangodwala chimfine kapena kutsegula m'mimba, makamaka kwa kachilombo ka Campylobacter, koma opaleshoni kapena kuvulala kwambiri nakonso kumawadzutsa. Ndi osowa: munthu mmodzi kapena awiri pa 100,000 pachaka.

Anawafotokoza mu 1916 ndi madokotala a ku France, ataona asilikali awiri pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Analipo atatu, Guillain, Barré ndi André Strohl, koma wachitatuyo dzina lake linangotayika panjira. Zimandinyansa ndithu, ngakhale sizikukhudza amuna anu.

Chondinyansa koposa ndi mawu akuti "ndi mankhwala ogonetsa aja, atha okha". Ayi! Mankhwala ogonetsa sadikira milungu iwiri. Mpeni ukadula mtsempha, vuto limaoneka pomwepo, pamalo amodzi. Izi zimabwera mochedwa, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera. Zikafika pachifuwa munthu amalephera kupuma, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi amafunika makina opumira. Achimwene anakhala pamakinawo masiku 9, maso ali tcheru, akumva zonse zomwe tinkalankhula pambali pa bedi. Anandiuza pambuyo pake kuti chinkawawawa kwambiri ndi anthu kumawakamba ngati kulibe.

Tsono muchite chiyani?

Abwerere kuchipatala lero, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Kwa munthu wovulala m'mutu, kufooka kungakhalenso magazi akuundana mu ubongo, ndiye ine sindingagamule pakalata. Auzeni tsiku lomwe dzanzi linayamba ndi pomwe lafika, ndipo mutchule Guillain-Barré kuti aiganizire. Akayamba kutsamwa, kubanika kapena nkhope kugwa, thamangani usiku womwewo. Chithandizo cha Guillain-Barré ndi IVIG (mapuloteni a chitetezo cha m'thupi otengedwa m'magazi a anthu ena) yodzera mu diripi masiku 5, kapena kusefa magazi. Ma steroid okha sathandiza. Kenako mafizo, miyezi yambiri.

Ambiri amayendanso okha pofika miyezi 6. Achimwene zinawatengera 8, ndipo zala zakumapazi kukazizira zimachitabe dzanzi.