Mwana wanu akaphunzira luso lofunika kwathu kuno

Mayi wina wa ku Zomba watilembera kuti mwana wawo wamkazi, amene ali ndi digiri ya biology, wapeza malo a masters ku Britain. Akafufuza mmene ma gene (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo oyendetsera selo) amagwirira ntchito mu slime mold ikamakula. Akufunsa kuti: "Kodi zimenezi zidzamupezetsa ntchito akabwerako?"

Mayi, muloleni apite.

Slime mold imeneyi ndi kamoyo kakang'ono ka m'dothi, dzina lake ndi Dictyostelium discoideum. Wasayansi wina wa ku America, Kenneth Raper, anakapeza m'nkhalango ku North Carolina n'kulemba za iko mu 1935. Chakudya chikakhalapo, selo lililonse limayenda lokha, kumadya mabakiteriya a m'dothi. Njala ikavuta, maselo amayamba kuitanizana potulutsa mankhwala otchedwa cAMP, mpaka pafupifupi 100,000 aunjikana n'kumakwawa ngati kankhono kopanda chigoba. Pomatha maola 24 pamakhala patamera kaphesi kosenza kampira pamwamba. Pa maselo 10 alionse, pafupifupi awiri amafa n'kusanduka phesilo, otsalawo amakhala njere zodikira chakudya.

Pagona nkhani ndi apa: maselo onsewa angakhale ndi DNA yofanana ndendende, koma amasiyana chifukwa cha ma gene amene ayatsidwa ndi amene azimitsidwa. Opita ku phesi amayatsa gene yotchedwa ecmA, opita ku njere amayatsa ina yotchedwa pspA. Funso lomweli ndi limene madokotala amalimbana nalo m'thupi mwathu, loti selo lina likhala bwanji la chiwindi pamene linzake ndi la khungu, ndiponso chimasokonekera n'chiyani pa khansa. Ma gene ake, pafupifupi 12,500, anawerengedwa onse pofika mu 2005. Komanso kamoyoka kamameza mabakiteriya monga amachitira maselo athu oteteza thupi, n'chifukwa chake ofufuza amakapatsira Mycobacterium marinum, m'bale wake wa kachilombo ka TB.

Wolemba ntchito sadzafunsa kwambiri za slime mold. Adzafuna kudziwa ngati mwana wanu amatha PCR (njira yochulukitsira DNA mu labu), kuyeza RNA (imene imasonyeza ma gene amene ayatsidwa) ndi kusanthula zotsatira pa kompyuta ndi mapulogalamu a R kapena Python. Luso lotere limagwira ntchito m'malabu ofufuza matenda monga a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre.

Chimene ndikudera nkhawa n'chimodzi. Ophunzira ena amatha chaka chonse akungosamalira timbale ta mu labu, zosanthulazo akuchita wina. Asanavomere malowo, alembere mphunzitsi amene adzamuyang'anire, amufunse mosabisa ngati zotsatira za RNA adzazisanthule yekha, komanso ngati ndalama za sukulu zikuphatikizapo nyumba ndi chakudya.