Lowani mu yuniyoni, koma musaigonere

Achimwene, mwati mukukayika zolowa mu yuniyoni poopa ndalama imene azidzakudulani pa malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo mwandikumbutsa tsiku limene sindifuna kulikumbukira.

Ine ndinadulidwa ndalama imeneyo zaka 7 osadumphitsa. Pafakitale pomwe ndinkagwira ntchito, mabwana anachotsa chitsulo chotchinga pa makina odulira kuti ntchito izithamanga, ndipo mnzathu wina makinawo atamudula zala ziwiri, ndinalemba kalata yodandaula imene anthu 23 anasainira. Sabata isanathe anandiitanitsa ku ofesi, ati ndikuyambitsa chisokonezo. Ndinalowa molimba mtima chifukwa pambali panga panali nthumwi ya yuniyoni, munthu amene tinamusankha tokha pokweza manja. Bwana anayala kalata yanga patebulo n'kuyamba kuwerenga mayina limodzilimodzi, akundifunsa kuti ndinamukakamiza ndani. Ndinatembenuka kuyang'ana nthumwi ija, koma maso ake anali pa foni. Atamufunsa ngati ali ndi mawu, anangoti, "Nkhaniyi sinadzere kwa ife." Sinadzere kwa iwo bwanji, pamene kalatayo ndinayamba kumuonetsa iyeyo, iye n'kundikonzera mawu ena? Ndinatuluka nditanyamula kalata yondichotsa ntchito, mlonda akundiperekeza mpaka pageti ngati ndaba, ndipo patangopita miyezi iwiri munthu uja anamukweza kukhala kapitawo. Anatigulitsa ndi udindo, ndipo kufikira lero sindinamukhululukire.

Komabe ndikuti lowani. Mudabwa, koma amene anadzanditengera nkhaniyo ku khoti la za ntchito mpaka ndinalandira chipepeso ndi akuluakulu a yuniyoni yomweyo, ngakhale panatenga miyezi 14. Ndikanakhala ndekha, loya sindikanamukwanitsa. Yuniyoni ndi ogwira ntchito amene agwirizana kuti azikambirana ndi owalemba ntchito ndi mawu amodzi pa za malipiro, maola ndi chitetezo, chifukwa munthu mmodzi akadandaula amangomulozera khomo, koma onse akanyanyala ntchito makina amaima ndipo bwana amakhala pansi kuti amve. Maola 8 amene ambiri timawaona ngati anangobwera okha, anthu anawafera ku Chicago mu 1886, ndipo ndiko kunachokera tsiku la apantchito la pa 1 May. Pangano nambala 98 la mu 1949 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chokhala mu yuniyoni, ngakhale kuti olemba ntchito ochenjera sanena chifukwa chenichenicho, amangokupezera mlandu wina ngati mmene anachitira ndi ine.

Amene amati mayuniyoni anatha ntchito akumbukire za Rana Plaza ku Bangladesh. Pa 24 April 2013 anthu osoka zovala anakakamizidwa kulowa m'nyumba imene dzulo lake anaona kuti yachita ming'alu, ndipo itagwa anthu oposa 1,100 anafa. Pakanakhala gulu lamphamvu loti linene kuti lero sitilowa, ambiri akanakhala ndi moyo. Pambuyo pake IndustriALL ndi UNI Global Union, mabungwe ophatikiza mayuniyoni a m'mayiko osiyanasiyana, ndi amene anasainirana ndi makampani a zovala pangano loti mafakitale aziyenderedwa.

Tsono mukalowa, musangopereka ndalama n'kukhala chete. Muzipita ku misonkhano, muzifunsa mmene ndalama zayendera, ndipo nthumwi imene yayamba kucheza kwambiri ndi mabwana muichotse pa chisankho chotsatira. Kalata iliyonse yodandaula muzisunga ina yake, ndipo muzionetsetsa kuti nthumwi yasainira kuti yailandira. Kunena zoona, mukaona vuto musakhale woyamba kulemba dzina pamwamba ngati mmene ndinachitira ine, makamaka ngati muli ndi ana oti muwadyetse. Chotchinga chija anachibwezeretsa ine nditachoka kale, ndipo kapitawo uja ankauza anthu kuti ndi iye amene anachimenyera nkhondo.