Sanali achifwamba amene anasowetsa anthu a mu Mary Celeste

Achimwene, mwafunsa ngati anthu a m'sitima ya Mary Celeste anaphedwa ndi achifwamba a panyanja. Ine ndikukana ndithu. Wachifwamba sasiya katundu, koma amalinyero a sitima ina yotchedwa Dei Gratia ataipeza ikungoyandama pakati pa zilumba za Azores ndi Portugal mu Disembala 1872, migolo 1,701 ya mowa waukali inali momwemo, chakudya chili tho, zovala zili m'malo mwake. Chinasowa ndi bwato lopulumukira ndi anthu khumi: kaputeni Benjamin Briggs, mkazi wake Sarah, kamwana kawo Sophia ka zaka ziwiri, ndi amalinyero 7. Kamwanako ndiko kamandimvetsa chisoni kwambiri.

Maganizo anga, anatsika okha ndi mantha. M'chipinda chapansi cha sitimayo munali madzi opitirira mita imodzi, ndipo pampu ina inali yomasulidwa, mwina Briggs anaona ngati akumira. Ena amati anaopa kuphulika kwa mpweya wa mowawo, poti migolo 9 inadzapezeka yopanda kanthu ku Genoa, doko la ku Italy kumene katunduyo ankapita. Akangokwera kabwatoko, mphepo n'kukankha sitima, sakanaipezanso. Khoti la ku Gibraltar, kumene anakafikitsa sitimayo, linakayikira amalinyero a Dei Gratia kuti mwina anachita chiwembu, koma umboni sunapezeke.